MAKINA AYAMBA KULANKHULA, NANGA CINYANJA AKUCITHA?

LAMULUNGU lililonse tikatha mapemphero kuno kwa Zingalume, ine sindifulumira kupita kunyumba. Panja pa chalichi pamakhala kamzere ka anthu, aliyense foni m'manja. Ena ndi okalamba amene maso awo anayamba kucita nkhungu, ena sukulu sanapondeko, enanso Cinyanja amawerenga bwino lomwe koma Cizungu cimawagwetsa. Onsewa pempho lawo ndi limodzi: "Akatekisiti, tatiwerengerani uthenga uwu."

Ndipo ndimawerenga. Wina ndi wa ku kopaletivu wonena za tsiku lokatenga feteleza, wina ndi wa ndalama zimene mwana watumiza kucokera ku Lusaka kapena ku Migodi, winanso ndi wa maliro a kutsidya ku Mozambique. Nchito imeneyi ndimaigwira mokondwa, koma ili ndi colemetsa cake. Ndimadziwa amene walandira K500 ndi amene mwana wake wayankha kuti alibe. Ndimadziwa matenda amene mwini wake sanauzeko ngakhale mkazi wake. Munthu wosatha kuwerenga alibe cinsinsi, ndipo si onse owerengera anzawo amene ali ndi pakamwa posunga nkhani. Tinamvapo za amai ena amene mdzukulu anali kuwauza kuti zabwera K200 pamene zolowa zinali K400.

N'cifukwa cake ndinachera khutu pamene mwana wa mlongo wanga, amene ali pa koleji ku Lusaka, anabwera pa chuthi ndi kundiuza kuti: "Amalume, mzere uja watha. Masiku ano foni imawerenga yokha mokweza." Ndinati ngati n'zoona ndiye kuti ambiri apumula, koma tiyese pamaso pa eni ake a vutolo. Tinaitana ambuya ena a mu mphakati wathu ndi alimi awiri, tinakhala pansi pa mango kuseri kwa nyumba.

Poyamba anaipatsa uthenga wa Cizungu. Kunena zoona, ndinadabwa. Anali mau a mzimai, osalala, opuma pamalo oyenera kupuma, monga owerenga nkhani pa wailesi. Ukanakhala kuseri kwa cipupa sukanadziwa kuti palibe munthu. Kenaka anaipatsa uthenga wa Cinyanja, ndipo mzimai yemwe uja anasanduka mlendo. Cimanga anati "simanga". Caka anati "kaka". Phala linasanduka "fala", ndipo atafika pa ng'ombe anangocita ngati watsamwa. Ambuya aja anafunsa mwaulemu kuti, "Kodi mai ameneyu wadwala mano?"

Mnyamatayo sanagonje. Anati vuto n'lakuti mau amenewo anaphunzitsidwa Cizungu cokha, ndipo anatsegula laputopu yake mmene munali mau ena a Cinyanja amene anawatenga pa intaneti. Apa ndiye tonse tinakhala cete. Anali mau a mwamuna wodekha, ndipo ng'ombe, nkhuku ndi mphale anazichula monga timachulira ife. Mmodzi wa alimi aja anati, "Uyu ndiye wakwathu."

Koma ine ku seminale yaing'ono ndinaphunzira kuwerenga mokweza m'cipinda codyera, kumene wansembe anali kuliza kabelu ukakweza mau pamalo polakwika, ndipo unali kubwereza mpaka ukhoze, nsima ikuzizira. Khutu limenelo silinafe. Ndinauza mnyamatayo kuti alembe ciganizo cimodzi cabe: Mtengo wa mango wagwa. Makinawo anawerenga mosadodoma konse. Mlimi uja anapukusa mutu nati ndiye kuti ogulitsa m'mbali mwa msewu alira caka cino. Ambuya anayang'ana m'mwamba nafunsa kuti wagwera nyumba ya yani.

Kale anali kulankhulira m'citini

Kuti timvetse cimene cinacitika pansi pa mango paja tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono, cifukwa makina olankhula si a dzulo. Mu 1939, pa cionetsero cacikulu ca ku New York, akatswiri a Bell Laboratories anaonetsa makina ochedwa Voder. Anali kulizidwa ndi zala ndi phazi monga limba la m'chalichi, ndipo atsikana owaliza anaphunzira miyezi yambiri kuti atulutse ziganizo zomveka. Mu 1978 kampani ya Texas Instruments inatulutsa coseweretsa ca ana cochedwa Speak & Spell, cophunzitsa kalembedwe ka Cizungu. M'kati mwake munali kacipangizo kakang'ono kamene amakachula kuti chip, ndipo nchito yake inali imodzi yokha: kutulutsa mau. Kompyuta za masiku amenewo zinali zofooka, conco kuti zilankhule zinafunika cipangizo capadera ca mau, monga cikocikale cimafunira ng'ombe zake.

Nkhani imene imandigwira mtima ndi ya Stephen Hawking, katswiri wa sayansi ya zakuthambo wa pa yunivesite ya Cambridge ku England. Munthuyu anapuwala thupi lonse ndi matenda a mitsempha, ndipo mu 1985, atadwala cibayo ali ku Geneva, madotolo anamuboola pakhosi kuti azitha kupuma. Mau ake anathera pomwepo. Pambuyo pake anapatsidwa cipangizo ca kampani ya Speech Plus cochedwa CallText 5010, cimene cinamangiriridwa ku njinga yake ya opuwala. Mau a m'cipangizoco anacokera ku nchito ya Dennis Klatt wa pa sukulu ya MIT ku America, amene anatha zaka zambiri akupima mau ake omwe ndi kulemba malamulo a mmene mvekero uliwonse wa Cizungu umatulukira. Klatt mwini wake anataya mau cifukwa ca khansa ndipo anamwalira mu 1988, koma mau akewo anapitiriza kulankhulira munthu wina kwa zaka pafupi-fupi 30.

Anali mau ouma, ngati a munthu wolankhulira m'citini, ndiponso anali a Cimereka pamene Hawking anali Mngelezi. Atabwera mau ena osalala iye anawakana, cifukwa akalewo anali atasanduka ake. Cipangizoco citakalamba ndipo zitsulo zake zitasowa, akatswiri anavutika kutengera kagwiridwe kake konse ndi kukaika m'kakompyuta kakang'ono kochedwa Raspberry Pi. Anamupatsa mu January 2018, ndipo iye anamwalira pa 14 March caka comweco.

Cimene ndifuna muone apa, inu awerengi, n'cakuti mau ouma amenewo anaphunzitsa m'maholo odzaza anthu, ngakhale pa misonkhano ya asayansi ku Vatican, ndipo omvera anali kutsatira zimene akunena. Kukoma kwa mau n'kwina, kumveka kwake n'kwina. Ogulitsa makina amakonda kutionetsa coyambaco, pamene mlimi ndi wodwala afunika caciwirico.

Mwana amalankhula zimene wamva

Lero akatswiri salembanso malamulo pamanja monga anacitira Klatt. Amakhazika munthu m'cipinda copanda phokoso, amawerenga ziganizo zikwi-zikwi, iwo akujambula. Kompyuta imapatsidwa zonse ziwiri, zolembedwa ndi zonenedwa, ndipo imazifanizira mobwereza-bwereza mpaka itatha kutsanzira wowerengayo. Panali nthawi imene makina anali kungodula tizidutswa ta mau ojambulidwa ndi kutilumikiza monga zigamba, ndipo misoko yake inali kumveka. Kucokera mu 2016, pamene kampani ya DeepMind ya ku London inaonetsa njira yochedwa WaveNet, makina anayamba kuumba mau atsopano okha. N'cifukwa cake mzimai wa Cizungu uja anali wosalala cotero, ndipo safunikanso bokosi lapadera. Foni yamakono imakwanitsa.

Koma njira imeneyi imadya maola ambiri a mau ojambulidwa, ndipo apa ndiye pali kusiyana. Pa Cizungu, nkhokwe imodzi yokha yochedwa LibriSpeech, imene inatuluka mu 2015, ili ndi maola pafupi-fupi 1,000, ndipo ziliko nkhokwe zina zambiri. Nanga ife? Mu May 2023 kampani ya Meta, eni ake a Facebook ndi WhatsApp, inalengeza mau a makina a zilankhulo zoposa 1,100, Cicewa cili momwemo. Anagwiritsa nchito mau a anthu owerenga Cipangano Catsopano, pafupi-fupi maola 32 pa cilankhulo ciliconse. Caka ca 2022 kunatulukanso nchito ina yochedwa BibleTTS, ya zilankhulo 10 za mu Africa kuphatikizapo Cicewa, nayonso yocokera ku Baibulo lowerengedwa mokweza. Sizodabwitsa, pakuti palibe buku lina limene lajambulidwa m'zilankhulo zambiri cotere. Amishoni akale anaphunzira Cinyanja kuti amasulire Baibulo. Tsopano makina akuphunzira Cinyanja kucokera m'Baibulo lomwelo.

Kuno kwathu, a Claytone Sikasote ndi anzawo a pa University of Zambia anatulutsa mu 2023 nkhokwe yochedwa Zambezi Voice, ya Cibemba, Cinyanja, Citonga ndi Cilozi. Muli maola oposa 80 a anthu owerenga mabuku, ndi maola 160 otengedwa pa mapulogalamu a wailesi. Colinga cake cacikulu ndi kuphunzitsa makina kumva zilankhulo zathu. Ndi ciyambi cabwino ndipo ayenera kuyamikidwa, koma gawani maola 80 pa zilankhulo zinai, muyerekeze ndi 1,000 a nkhokwe imodzi ya Cizungu.

Tsopano tibwerere ku mtengo wathu wa mango. Cinyanja cimanyamula tanthauzo pa kukweza ndi kutsitsa mau, koma zimenezi sitizilemba. Mtengo wa m'munda timaukweza pa "te", pamene mtengo wa pa msika timaunena pansi-pansi. Khungu la pathupi ndi khungu la maso zimalembedwa cimodzi-modzi. Mbale yodyeramo ndi m'bale wobadwa naye zimasiyana ndi kacizindikiro kamene ambiri polemba pa foni amakasiya. Ife powerenga sitivutika cifukwa timadziwa nkhani yonse: timadziwa ngati usiku kunaomba mphepo kapena ngati magalimoto a ogula sanabwere. Makina amaona zilembo zokha, ndipo zotsalazo amangolota. Ndiponso m'buku limene anaphunziramo, mitengo yambiri ndi ya mkuyu ndi ya azitona, osati ya pa depoti.

Palinso nkhani ya kalembedwe. Anzathu a ku Malawi amalemba chimanga ndi ntchito, ife timalemba cimanga ndi nchito. Cilankhulo n'cimodzi, ndipo pa Kulamba ku Mkaika timamvana popanda womasulira, koma makina ozolowera buku la kalembedwe kamodzi akhoza kukhumudwa pa kenako.

Cimene cimandidetsa nkhawa kwambiri ndi manambala. Mu 2024 a FRA anali kugula thumba la cimanga la makilogalamu 50 pa K330. Kodi alipo kwa Zingalume amene ananena kuti "mazana atatu ndi makumi atatu"? Tonse ndalama timaziwerenga m'Cizungu, ngakhale ambuya amene Cizungu sacidziwa. Makina oleredwa ndi Malembo sanakumanepo ndi K330, D Compound, Urea, soya kapena sipuleya ya malita 16. Kuyambira kumapeto kwa 2016, pamene mbozi zacilendo zija zinalowa m'minda yathu ya cimanga, mlimi aliyense wakhala akupima mankhwala ndi kacisoti ka botolo. M'Cizungu 15 ndi 50 zimamveka pafupi-fupi zofanana ngakhale pakamwa pa munthu. Mlimi akamva molakwa, mwina aononga ndalama popopera madzi opanda mphamvu, mwina athira poizoni woposa muyeso m'munda umene ana ake adzadyamo.

Makina akale akalakwa, khutu linali kumva kuti apa palakwika, cifukwa anali kudodoma. Atsopanowa amalakwa ndi mau odekha a wowerenga nkhani pa wailesi, ndipo anthu athu anazolowera kuti zonenedwa ndi mau otero n'zoona. Dziwaninso kuti luso lomweli limatha kutengera mau a munthu aliyense likangomva pang'ono cabe zimene iye anajambulidwa. Mukamva mau a mwana wanu akupempha ndalama pa nambala yacilendo, dulani, mumuimbire pa nambala yake imene mumaidziwa.

Bokosi nalo ndi nkhani

Ngakhale mau atakhala abwino cotani, ayenera kutulukira penapake. Kasipika ka foni n'kakang'ono ngati njere ya nyemba. M'nyumba usiku kamakwanira, koma ikani foniyo pakati pa anthu 30 pansi pa mtengo, mphepo ikuomba, mbuzi zikulira, cigayo cikugunda capafupi, muone. Okhala kutsogolo amamva, akumbuyo amangogwedeza mutu mwaulemu. Kasipika kotere sikatha kutulutsa mau a pansi, aja amene amapatsa liu la munthu thupi lake. Lamya nayonso imadula zambiri: khutu la wacinyamata limamva kugwedezeka kwa mpweya kuyambira 20 mpaka 20,000 pa sekondi, koma njira wamba ya lamya imangopititsa kuyambira 300 mpaka 3,400. Pamene pali phokoso, zinthu zing'ono-zing'ono ndizo zimayamba kutayika, monga kampweya kaja kamene kamasiyanitsa pala ndi phala.

Amene anakula m'zaka za m'ma 2000 akukumbukira pulogalamu ya Learning at Taonga Market, imene Unduna wa Maphunziro unayamba mu 2000 kuti ana osapita kusukulu aziphunzira pa wailesi. Magulu ambiri anali kumvera pa mawailesi opukusa ndi dzanja, luso la Mngelezi Trevor Baylis, amene anayamba kupangidwa ku Cape Town m'zaka za m'ma 1990. Mu 2010 bungwe la Lifeline Energy linatulutsa Lifeplayer, wailesi ya sola yotha kusunga maphunziro ndi kujambula pulogalamu kuti gulu lidzaimvenso. Magulu a alimi a COMACO kuno kum'mawa anagwiritsa nchito mawailesi a bungweli pomvera Farm Talk pa Breeze FM ya ku Chipata. Akhristu ena akudziwanso bokosi lochedwa Proclaimer, la bungwe la Faith Comes By Hearing la ku Albuquerque ku America. Lili ndi sola ndi copukusira, m'kati muli Cipangano Catsopano cowerengedwa ndi anthu, ndipo opanga ake amati mpaka anthu 300 akhoza kumva.

Zipangizo zonsezi zinapangidwira nchito imodzi. Sipika yake ndi yaikulu, bokosi lake limapatsa mau malo otukumukira, ndipo mphamvu yonse ya batire imapita ku mau. Ndiponso mau ake ndi a anthu eni-eni amene anadziwa kusiyanitsa mitengo iwiri ija. Mu 2024, cilala citaphwetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi akuzima maola ambiri-mbiri, ngakhale a pa Boma anali kusowa pochajira mafoni, koma bokosi la sola linali kungofuna dzuwa, limene caka cimeneco linalipo lambiri kuposa kufuna kwathu.

Zili ndi malire ake. Bokosi lotere limanena zokhazo zimene linapatsidwa. Silingakuwerengereni uthenga wa mwana wanu. Ndiponso vuto la zipangizo zambiri zobwera ndi mapulojekiti, kaya dzina lake ndi lotani, n'lakuti batire ikafa kapena copukusira cikathyoka, pulojekiti imakhala inatha kale ndipo wokonza sapezeka. Ndaona zingapo zili pamwamba pa kabati, zophimbidwa bwino ndi kansalu.

Conco kwa inu apampando a makopaletivu ndi a miphakati, wina akabwera ndi cipangizo colankhula, kaya ndi foni kaya ndi bokosi, musaciyesere mu ofesi. Citulutseni panja. Cipatseni mtengo wa mango uja, mtengo wa thumba la feteleza, muyeso wa mankhwala, ndi maina athu monga Zingalume, Mlolo ndi Mwangala. Ikani nkhalamba kumbuyo kweni-kweni, ndipo musaifunse kuti "Mwamva?" cifukwa mwaulemu idzavomera. Ifunseni kuti ibwereze zimene yamva. Pomaliza funsani kuti batire yake imagulidwa kuti.

Kwa a pa yunivesite ndi a nyumba za wailesi, pempho langa n'lakuti pojambula mau musathere mu Lusaka. Bwerani ku Chadiza, ku Katete, ku Vubwi. Jambulani amai ndi abambo, osati owerenga mabuku okha koma akukamba za mitengo ya nshawa, za maliro, za milandu ya malire a minda. Muwauze poyera kumene mau awo akupita, avomere okha, ndipo muwalipire, pakuti tsiku lothera pa maikolofoni ndi tsiku losapalira.

Ife pansi pa mango paja tinagwirizana zocepa. Zidziwitso za gulu, mlembi wa kopaletivu azizijambula ndi pakamwa pake pa foni, manambala aziwabwereza kawiri, ndipo tizizimvera pa sipika ya sola imene mphakati unagula. Mmodzi wa alimi aja, amene ali ndi foni yamakono, mnyamatayo anamukonzera kuti mzimai wa Cizungu uja azimuwerengera mauthenga a ndalama okha. Zina zonse samva, koma nambala amaimva bwino, ndipo kucokera tsiku limenelo sanaimenso pa mzere wanga ndi nkhani ya ndalama. Foni ya ambuya ndi kaja ka mabatani, kosatha zimenezi, conco tinatuma mau kwa mwana wawo kuti nkhani zacinsinsi aziimba, asamalembe.

Lamulungu lapitali pa mzere panali anthu asanu ndi awiri. Woyamba anali ambuya omwe aja, ndi uthenga wocokera kwa mdzukulu wawo wa ku Kitwe, wolembedwa theka Cinyanja theka Cibemba, ndi mau ena odulidwa-dulidwa monga amalembera ana a masiku ano. Ngakhale ine ndinauwerenga kawiri ndisanawauze kuti akufuna nshawa za mbeu.